Wamkulu pa chiyani, sala?

Tawonga Msiska wa ku Masasa sachotsedwa m'kalasi ya sayansi. Chigamulo chinaperekedwa Lachitatu m'mawa mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu wa sekondale imene amaphunzirako, ine ndili pomwepo. Chimene chinamupulumutsa ndi mfundo imodzi imene ambiri a inu muikana mukangoimva: atomu ya sodiyamu, imene ili pa nambala 11, ndi yaikulu kuposa atomu ya klorini, imene ili pa nambala 17. Imaiposa pafupifupi kawiri.

Mwawerenga bwino. Wa nambala yochepa ndiye wa thupi lalikulu.

Ndikudziwa kuti ena mwangoona mawu akuti atomu, chala chayamba kale kufunafuna tsamba la mpira. Dekhani pang'ono. M'nkhaniyi muli majuzi, muli mchere, mulinso mwana wa sukulu amene anauza mphunzitsi wamkulu m'maso muli gwa kuti ndi wochepa thupi, n'kutuluka mu ofesimo atapambana.

Tawonga ali mu Fomu 3. Ndi mwana wa anzathu oyandikana nawo nyumba, mpanda wathu ndi umodzi. Bambo ake amayendetsa lole yonyamula matabwa ku Chikangawa, ndiye pakhomo amaonekera mwa apo ndi apo. Mayi ake, a NyaJere, amaluka majuzi n'kumagulitsa mu msika waukulu m'tauni. Amene munagonapo mu Mzuzu mwezi ngati uno mukudziwa kuti malonda amenewo si achibwana.

Vuto linali lotere. Labotale ya pasukulupo ndi yaing'ono, mabenchi ndi ochepa, ndipo Fomu 4 imafuna kuti wophunzira aliyense azigwira yekha zipangizo. Sukulu inagamula kuti opitiriza sayansi chaka chamawa akhale okhawo amene akhoza bwino mayeso a teremu ino. Mtsikana wotsala amatumizidwa ku kalasi ya zophika ndi zosoka. Tawonga anagwera pamalire penipeni. Sanakhoze mokwanira, sanalepherenso mochititsa manyazi. Funso limodzi ndilo linamukankhira kunja.

Komatu mwanayu, chiyambire ali ku pulayimale, amanena kuti akufuna kudzakhala wosakaniza mankhwala m'chipatala, uja amakupatsani mapiritsi pawindo n'kukuuzani kamwedwe kake. Kumene amasula anthu otere, wopanda sayansi pa satifiketi yake samuyang'ana n'komwe.

Lolemba madzulo a NyaJere anaodira pakhomo panga, singano zolukira zili m'manja.

“Monire adada. Ahedi andiitana Lachitatu pa nkhani ya mwana uja. Awiske Tawonga ali ku Chikangawa. Inu Chingerezi mumachimva, mundiperekeze, angandiuze zina ine n'kumva zina.”

Ndinavomera, poti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma pofuna kuwakonzekeretsa mtima ndinati kusoka nakonso ndi luso, anthu ambiri akudyera momwemo.

Anandiyang'ana kuyambira kukhosi mpaka m'chiuno.

“Adada, juzi mwavalayo analuka ndani?”

“Ndinu, amama.”

“Enya. Ndiye kusoka ndi kuluka ndimuphunzitsa ndekha pakhonde apa. Sukulu imuphunzitse zimene ine sindidziwa.”

Pa misonkhano yonse ya zamaphunziro imene ndapitako kukatola nkhani, sindinamvepo wina akuifotokoza ntchito ya sukulu mwachidule chotero.

Tsono kuti mutsatire bwino mlanduwu, mufunika mfundo zochepa, ndipo ndikupatsani mosazungulira.

M'labotale iliyonse mumapachikidwa tchati chachikulu cha timabokosi. M'kabokosi kalikonse muli dzina la chimodzi mwa zinthu zoyambirira zimene dziko lonse linaumbidwa nazo: chitsulo, mkuwa, golide, okosijeni amene timapuma, ndi zina zotero. Asayansi amazitcha maelementi. Kachidutswa kochepetsetsa ka elementi ndiko atomu. Kuchepa kwake, maatomu oposa miliyoni akhoza kundanda mzere umodzi pa kadontho kali kumapeto kwa chiganizo chino.

Pakati pa atomu pali phata, ndipo m'phatamo muli mapulotoni. Kunja kumazungulira maelekitironi, m'mikombero yosanjikizana ngati makoko a anyezi. Mapulotoni amakoka maelekitironi kuti asathawe. Nambala ya elementi pa tchati ndiko kuchuluka kwa mapulotoni ake. Basi, zakukwanirani.

Sodiyamu ndi klorini ali pa mzere umodzi wopingasa, sodiyamu kumanzere kwenikweni, klorini cha kumanja. Klorini mumamudziwa, ndi uja amanunkha m'madzi a pampopi. Awiriwa akalumikizana amatipatsa mchere wa m'ndiwo.

Funso la pamayeso linali m'Chingerezi, ndipo linkafuna kudziwa atomu yokulirapo mwa ziwirizo. Tawonga anachita zimene tonse timachita polemba m'chinenero cha eni ake: analitembenuza funsolo m'mutu. Linatuluka lili lakuti, wamkulu ndani? Kwathu kuno funso limenelo silivuta. Wamkulu ndi amene ali ndi zambiri, kaya zaka, kaya nyota paphewa. Anaona 17, anaona 11, analemba klorini, n'kupita pa funso lina mtima uli m'malo.

Lachitatu kunacha ndi kamvula kowaza kaja kamene kuno sitikawerengera ngati mvula. Tinalowa mu ofesi atatu: a NyaJere, Tawonga ndi ine. Tinapezamo anthu awiri, ndipo ndiyenera kukufotokozerani maonekedwe awo chifukwa nkhani yagona pomwepo.

Mphunzitsi wamkulu, a Kumwenda, ndi munthu wamfupi, wochepa thupi, wolankhula motsitsa. Asanakhale hedi anaphunzitsa sayansi zaka zambiri, ndipo ana amawaopa ngakhale sanawamvepo akukalipa. Mphunzitsi wa sayansi, a Zimba, ndi chimunthu. Polowa pakhomo amayamba apendeka. Tsikulo anavala shati, juzi pamwamba pake, jekete pamwamba pa juzi, moti pakona pamene anaima panalibenso malo a munthu wina.

A Kumwenda sanataye nthawi.

“Amama, mwana wanu si wopusa. Koma analephera funso limene munthu wofuna sayansi sayenera kulephera. A Zimba akuti analakwitsa mawu chabe, zinthuzo amazidziwa. Ine sindigawa malo m'labotale chifukwa cha chisoni. Ndimufunsanso pamaso panu. Akakhoza akhala, akalephera apita kokasoka, ndipo nkhani ithera pomwepo. Poti inu muli pano tilankhula Chichewa, pasadzapezeke wonena kuti tinamukola mwana ndi Chingerezi.”

M'chipindamo woyamwira Chichewa ndinali ine ndekha. Ena onse kunyumba amalankhula Chitumbuka. Koma mu ofesi ndi mu ofesi.

A Kumwenda anatembenukira kwa Tawonga, amene anaima manja ali kumbuyo.

“Sodiyamu ndi klorini, wamkulu ndani?”

Anamufunsa m'mawu omwe aja amene anamugwetsa. Kaya anachita dala kaya ayi, sindinawafunse, koma ndikukayika ngati munthu uja amachita kanthu mwangozi.

Tawonga anabweza funso.

“Wamkulu pa chiyani, sala?”

A Kumwenda anavula magalasi.

“Ine ndikufunsa iwe, iwe ukufunsanso ine?”

“Pepani sala. Ngati ndi pa nambala ndi kulemera, wamkulu ndi klorini. Ngati ndi pa thupi, wamkulu ndi sodiyamu.”

“Wamkulu akhalenso wamng'ono? Zinachitikapo kuti zimenezo?”

Mwana anayang'ana a Zimba. Anayang'ana ahedi. Anayang'ana pansi. Ine ndinaona kumene maganizo ake akulowera ndipo ndinayamba kupemphera chamumtima kuti asafikeko.

Anafikako.

“Ngati muno, sala. Mphunzitsi wamkulu ndinu. Koma juzi ya a Zimba…”

“Tawonga!” anakuwa mayi ake. “A Chiuta wane! Adada mutigowokere, mutikhululukire ndithu, mwana uyu pakamwa pake mpopanda chitseko.”

Inu nonse munapitako ku sukulu, mukudziwa kuti ana abwezedwapo kunyumba pa zochepa kuposa pamenepa. Ine ndinayang'ana chithunzi chili pakhoma ngati ndikuchiona koyamba. A Zimba anayang'ana kudenga.

“Malizitsa,” anatero a Kumwenda.

“Juzi ya a Zimba mungalowemo anthu awiri a msinkhu wanu, sala,” anatero Tawonga ndi mawu apansipansi.

A Zimba anatsokomola chitsokomolo chimene sichinali cha chimfine. Milomo ya ahedi inagwedera pang'ono, koma anaigwira.

“Chitsanzo chako ndachimva, ndipo sindidzachiiwala msanga. Koma kuyeza majuzi a aphunzitsi si sayansi. Ndiuze chifukwa chake. Klorini ali ndi mapulotoni ambiri, maelekitironi ambiri. Achepa bwanji?”

Apa mpamene mwana anaongoka. Manja anachoka kumbuyo.

“Onse awiri ali ndi mikombero itatu, sala. Ukamayenda pa mzerewo kuchoka kwa sodiyamu kupita kwa klorini, maelekitironi owonjezerawo akulowa mumkombero womwewo wachitatu, palibe mkombero watsopano. Koma pa sitepe iliyonse phata likulandira pulotoni ina, ndiye likukoka mwamphamvu kuposa kale. Zili ngati mtolo wa majuzi a amama. M'mawa uliwonse ndimaumanga ndine, ndi zingwe za mphira za ku chubu cha njinga. Ndikamanga ndi zingwe ziwiri, mtolo umakhala chimtolo, pamutu umachita kugwedera. Ndikaikamo juzi ina n'kuwonjezera chingwe, juzi inanso n'kuwonjezera chingwe, mtolo umalemera koma umafinyika. Wolemera kwambiri ndi umene umaoneka waung'ono.”

A NyaJere, amene mpaka apa nkhope inali m'manja, anadzutsa mutu.

“Zimenezo n'zoona, adada. Mtolo wa Loweruka ndi umene umachepa, koma khosi limadziwa.”

“Amama, musamuthandize,” anatero ahedi. Kenaka kwa Tawonga: “Mphira wako akufinya kuchokera kunja. Atomu imafinyidwa kuchokera kunja?”

“Ayi sala. Imakokedwa kuchokera m'kati. Pamenepo chitsanzo changa chikutsimphina.”

“Bola ukudziwa mwendo umene chikutsimphinira. Tsopano tsika. Lithiyamu, sodiyamu, potaziyamu, mzere umodzi wotsika. Nambala ikukwera. Malinga ndi mtolo wako, ndiye kuti akunka nachepa?”

“Ayi sala, akunka nakula.”

“Wasinthanso?”

“Sindinasinthe, sala. Potsika, aliyense akuwonjezera mkombero watsopano. Lithiyamu ali ndi iwiri, sodiyamu itatu, potaziyamu inayi. Zili ngati…” Anaima, n'kuyang'ananso pakona.

“Pitiriza,” anatero a Zimba mogonja. “Lero ndine tchati.”

“Ngati a Zimba lero. Shati, juzi, jekete. Chovala chilichonse chowonjezera chikuwakulitsa. Ndipo chakunja kwenikweni chili kutali ndi thupi, zam'kati zachitchinga, sichimva kutentha kwa mwini wake. Dzuwa likangoti pang'ono, choyamba kuvulidwa ndi chomwecho. N'chifukwa chake potaziyamu amataya elekitironi yake yakunja mosavuta kuposa sodiyamu, sodiyamu mosavuta kuposa lithiyamu. Pamene klorini, poti ndi wofinyika, zake amagwiritsa, ndipo amalandanso za ena.”

Ine pamenepa ndinali nditayamba kale kukonza mawu othokoza. Ndinaganiza kuti zatha. A Kumwenda anavalanso magalasi, n'kufunsa mofatsa ngati akufunsa za kumudzi.

“Mayi ako akamathira mchere m'ndiwo, m'mcheremo muli sodiyamu ndi klorini. M'menemo wamkulu pa thupi ndani?”

A Zimba anasuntha pakona paja.

“Sala, zimenezo sitinafikepo. N'za teremu yamawa.”

“Ndikudziwa, a Zimba. Silabasi ndimaidziwa. Ndikufuna ndione ngati mwanayu waloweza kapena wamvetsa.”

Yankho lapafupi linali poyera: sodiyamu, monga ananenera poyamba. Ine ndikanayankha lomwelo. Tawonga anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Anayamba kuwerenga ndi zala pa siketi yake, milomo ikuyenda. Kunja kamvula kanali kakugogoda pamalata. Mayi ake anagwira chikwama chawo ndi manja onse awiri ngati wina akufuna kuwalanda.

“Sodiyamu mumkombero wake wakunja muli elekitironi imodzi yokha,” anayamba pang'onopang'ono, ngati munthu wowoloka mtsinje pa miyala. “Popanga mchere amaipereka kwa klorini. Ikachoka imeneyo, mkombero wonse wachitatu wapita. Wavula jekete. Watsala ndi iwiri, ndipo mapulotoni 11 akukoka maelekitironi 10 okha. Ndiye wachepa kwambiri.”

“Nanga klorini?”

“Klorini walandira elekitironi, koma pulotoni sanalandire. Mtolo waikidwamo juzi ina, chingwe sichinawonjezeredwe.” Nkhope yake inawala. “Watupa, sala! M'mchere wamkulu ndi klorini!”

A Kumwenda anatembenukira pakona.

“A Zimba, mupezereni malo. Benchi yakutsogolo. Ndipo mumuphunzitse kusankha zitsanzo zimene sizingamuchotsetse ntchito akadzakula.”

A NyaJere anayamba nthungululu, n'kuidula pakati atakumbukira pamene ali.

“Amama, muno ndi mu ofesi,” anatero ahedi.

“Yewo adada, yewo chomene. Ndikamalizira panja.”

Anakamaliziradi panja, pansi pa mtengo wa paini, moti ana a m'makalasi oyandikira anasuzumira m'mawindo kuganiza kuti kwabwera alendo a boma.

Kunena zoona, m'mcheremo mwana analondola. Ndinakatsegula buku madzulo ake kuti ndisakulembereni zongomva. Sodiyamu akataya elekitironi ija amachepa mpaka kuposedwa kutali ndi klorini amene wailandira. Mtsikana wa Fomu 3 anafika pa mfundo imene sanaphunzitsidwe, pongotsata chifukwa chimene anamvetsa. Ngati chimenecho si chipambano, ndiuzeni chipambano n'chiyani.

Tsono tiyeni tikambirane za mawu aja, chifukwa si Tawonga yekha amene amamugwetsa.

Mawu akuti kukula timawasenzetsa katundu wambiri. Mkulu wanga ndi amene anabadwa ine ndisanabadwe, ngakhale andilekeze m'khwapa. Mkulu wa pa ofesi ndi amene amasaina. Dzungu lalikulu ndi lodzaza dengu. Mlandu waukulu sulemera pa sikelo. Akuluakulu a mpingo ena ndi anyamata. Zaka, udindo, thupi, kulemera, kufunika, zonsezi timazimanga mtolo umodzi ndi chingwe chimodzi. Anzathu a Chitumbuka andiuza kuti kwawonso mawuwa amayenda chimodzimodzi.

Chinenero sichinalakwe. Pocheza timamvana bwinobwino, chifukwa nkhani yake imatiuza ukulu umene ukunenedwa. Cholakwika ndi chizolowezi chathu choganiza kuti amene ali ndi ukulu umodzi ali nawo wonse.

Kaimeni pa depoti ya mabasi muone. Pakafika bambo wa mimba yake, jekete lili paphewa, anthu amapatuka okha pamzere, kondakitala n'kumulandira chikwama. Amufunsa ndani kuti ndi ndani? Pambuyo pake pali kamunthu kowonda konyamula ambulera yothyoka, kakukankhidwa uku ndi uku, pamene mwina ndi kamene kakukachita opaleshoni kuchipatala mawa.

Lowani mu msika. Wogula wachilendo amathamangira kabichi wamkulu. Mayi wozolowera amayamba wamukanikiza ndi chala, n'kumunyamula m'dzanja. Amadziwa kuti kabichi wotukumuka m'kati ndi mphepo, wofinyika ndiye wa ndiwo. Buledi chimodzimodzi. Amayi athu akhala akufunsa kuti “wamkulu pa chiyani” chiyambire kale, kungoti amafunsa ndi chala.

Nanga bwanji funso lomwelo limatiuma pakamwa tikalowa m'kalasi kapena mu ofesi?

Yankho mukulidziwa. Tinaleredwa kuti wamkulu akafunsa, mwana amayankha, sabweza funso. Ndi mwambo wabwino, ndipo sindikufuna kuti ana athu asanduke atambwali. Koma pali kusiyana pakati pa kubweza mawu ndi kufunsa kuti umvetse chimene wafunsidwa. Tawonga anati “pepani sala” asanapitirize. Ulemu unalipo, funso linaliponso, ndipo ziwirizi sizinamenyane. Za juzi zija ndiye anapyola malire pang'ono, mayi ake amulankhula kale. Koma makolo omwe anatiphunzitsa ulemuwo ndi omwenso anati safunsa anadya phula.

A Zimba anandiuza kanthu kena tikutuluka. Atachonga mayeso aja anadabwa kuona kuti ana ambiri, anyamata ndi atsikana omwe, alakwitsa funso limodzimodzi, molakwitsa mofanana. Mphunzitsi wina akanangolemba mitanda yofiira n'kunena kuti ana a masiku ano ndi aulesi. Iwo anaitana ana angapo, n'kuwafunsa mmodzimmodzi kuti, pamene unawerenga funsoli, m'mutu mwako linamveka bwanji? Onse anayankha zofanana: wamkulu ndani. Kuyambira tsiku limenelo anawalamula kuti akakumana ndi mawu a kukula m'sayansi, ayambe afunsa kuti pa chiyani. Za mtolo ndi majuzi Tawonga anazipeza yekha panjira ya ku msika. Koma funso lija anamupatsa ndi mphunzitsi amene anadzivutitsa kufufuza pamene ana ake anapunthwira.

Aphunzitsi, ndi angati mwa inu amene mumachita zimenezi? Mwana wa kuno amaganiza m'Chitumbuka, pabwalo amacheza m'Chichewa, mayeso amalemba m'Chingerezi. Funso lililonse limawoloka mitsinje iwiri lisanafike pamene iye ali, yankho n'kuwolokanso pobwerera. Likagwera m'madzi panjira, tinene kuti mwanayo alibe mutu wa sayansi?

Ndipo onani kumene kulakwitsa kotere kumagwetsera mtsikana. Mnyamata akalephera sayansi timati abwereze, alimbikire, mwina chaka chamawa. Mtsikana akalephera, chitseko cha kokasoka chimakhala chotsegula kale, ndipo tonse timamuperekeza ndi mawu okoma akuti kusoka nakonso ndi luso. Ndi luso ndithu, juzi ndavalayi ikuchitira umboni. Koma mzinda wathu ukukula. Zipatala zikufuna osakaniza mankhwala, a zamadzi akufuna oyeza klorini, a zaulimi akufuna odziwa za potaziyamu ali m'thumba la feteleza. Anthu amenewa tidzawatenga kuti ngati theka la ana athu tikulitumiza kokasoka chifukwa cha mawu amodzi otembenuzidwa molakwika?

A Kumwenda ndiwayamikire poyera. Akanatha kukwiya, ndipo palibe akanawadzudzula. Akanathanso kumumvera chisoni mwanayo n'kumupatsa malo mwaulere, zimene zikanamusiya iye mwini akudzikayikira mpaka kalekale. Sanachite zonse ziwiri. Anamufinya mpaka pa funso limene silinali m'buku lake, ndipo malo amene Tawonga wapeza ndi ake, palibe anganene kuti anachita kumupemphera. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo nkhonya ya juzi ija anailandira osaphethira. Nditawapempha chilolezo cholemba za msinkhu wawo m'nyuzi, anangoti: “Lembani. Ana anayamba kale kunditchula klorini, ndamva m'khonde. Bola adziwe chifukwa chake.”

Dzinalo silikuwanyoza. Pa tchati chija, wofinyika ndiye wogwiritsa zake. Pasukulu paja palibe mwana amasochera ahedi osadziwa.

Inu amene muli ndi ana ku sekondale, mayeso a teremu ino akatuluka musangoyang'ana nambala ili pansi pa pepala n'kuyamba kukalipa. Nambala yokha inanamiza kale Tawonga. Mukhazikeni mwanayo pansi, mumufunse kuti funso limene analephera linamveka bwanji m'mutu mwake. Mwina mupeza kuti sayansi anaimva, chinamupinga ndi liwu.

Dzulo ndinadutsa pa benchi ya a NyaJere mu msika. Ndinawapeza akuluka juzi yobiriwira, yaing'ono ndithu, ndipo ndinafunsa ngati ndi ya mwana wa pulayimale.

“Yayi adada, ndi ya ahedi. Yothokoza.” Anaitambasula m'mwamba, n'kuiyang'ana mokhutira. “Ubwino wake ubweya sulowa wambiri. Akanakhala a Zimba ndikanangowapatsa nkhuku.”

Lolemba likubwerali kalasi yosankhidwa ilowa m'labotale koyamba, kukalawako za chaka chamawa. A Zimba akuti adzatsegula mabotolo awiri m'mene sodiyamu ndi potaziyamu amasungidwa m'mafuta kuti asakhudzane ndi mpweya kapena chinyezi. Adzadula kachidutswa kochepa ngati kambewu ka mpunga pa aliyense, n'kuponya m'beseni la madzi. Tawonga sanaonepo chilichonse mwa ziwirizi ndi maso ake. Koma wanena kale pamaso pa aphunzitsi ake chimene chidzachitike: onse awiri adzalimbana ndi madzi, koma potaziyamu, poti ndi wamkulu pa thupi ndipo jekete lake lili kutali ndi phata, adzalivula mwaukali kuposa mnzake. Buku likuti sodiyamu amathamanga pamwamba pa madzi akulira ngati mafuta m'chiwaya, pamene potaziyamu amayaka moto.

A Kumwenda akuti adzabwera kudzaonerera. Tawonga adzakhala pa benchi yakutsogolo.